Thumba la Mchenga Paphiri la Vranec

Nkhani yoti Hermina asamuke m'nyumba mwake, akakhale kosungirako okalamba, inayamba m'nyengo yachisanu, tsiku lomwe anaterereka pa madzi oundana akupita kukadyetsa atsekwe. Sanathyoke paliponse. Anagona chagada kwa kanthawi akutukwana atsekwe omwe ankamusuzumira, kenako anagwira mpanda n'kudzuka yekha. Tsoka lake, mnansi anaona zonse pawindo, ndipo m'midzi ya ku Slovakia kuno mnansi akaona kanthu pawindo sagona nako. Pofika madzulo ana ake onse awiri anali atamva kuti mayi awo anangotsala pang'ono kufa.

Kuchokera tsiku limenelo mtendere unatha. Vendel, mwana wake wamwamuna, ankabwera ndi zithunzi pafoni: kachipinda koyera mbee, bedi lokwera ndi kutsika lokha, nkhalamba zikumwetulira pamipando. Gabika, wamkazi, ankangoti, "Mama, ganizirani," maso ali pansi. Hermina ankawayankha kuti m'nyumba imeneyo analowamo atavala diresi laukwati ndipo adzatulukamo ali m'bokosi.

Tisanamizane, Hermina sinali nkhalamba yoti munthu n'kuimvera chisoni msanga. Pakamwa pake pankaluma kuposa atsekwe akewo. Mwamuna wake, malemu Alojz, anatha kukhala naye zaka zonsezo ponamizira kugontha. Ana ake anawalera mokondera osabisa n'komwe: patebulo Vendel ankalandira ntchafu, Gabika khosi ndi mawu. Alojz atangoikidwa m'manda, Hermina analembetsa nyumba ndi munda m'dzina la Vendel, poti mwamuna ndiye amasunga dzina la banja, ndipo Gabika nkhaniyo anaimvera kusitolo. Koma wobwera kudzachapa makatani ndi kumuperekeza kuchipatala anali Gabika yemweyo.

Loweruka lina, m'nyengo yomwe masamba amafiira n'kuyoyoka, Gabika anafika m'mawa pagalimoto ndi mwamuna wake Dusan.

"Mamka, valani nsapato zolimba," anatero Dusan, poti apongozi ake ankawaitana choncho, ataima pakhomo, chimimba patsogolo. "Lero tikukutengani kokayenda. Kunja kwacha bwino, tikaone linga la Vranec."

"Wamwalira ndani?" anafunsa Hermina.

"Palibe. Bwanji?"

"Chikwatirireni mwana wanga sunanditengereko kwina kulikonse kupatula kumaliro."

Dusan anaseka. Anali dalaivala wa basi, munthu woseka chilichonse, makamaka chosaseketsa. Hermina mtima unamuuza kuti pali kanthu, koma akanakana, madzulo omwewo Vendel akanamva kuti amayi ndiye ayi, ngakhale kuyenda akukanika. Anamanga mpango kumutu, anaviika nyemba za madzulo, anathirira atsekwe madzi, n'kukwera galimoto.

Linga la Vranec ndi bwinja. Analimanga mabwana akalekale, zaka mazanamazana zapitazo, ndipo chigumukireni lakhala nyumba ya akhwangwala. Phiri lake ndi lomwe limachedwetsa dzuwa kufika ku Brestovec, mudzi wa Hermina, koma njira yabwino yokwerera ili kuseri, choncho anazungulira ndi galimoto. Hermina anakwerako komaliza ali mtsikana, akuzemba ndi Alojz. Gabika anapitako ndi anzake a kusukulu. Onse awiri ankakumbukira zofanana: zipupa zakugwa, zitsamba zoyabwa, ndi mitengo yothinana yotseka kumwamba.

Pomwe amaimika magalimoto, patsinde pa phiri, panali mulu wa matumba a mchenga. Masiku ano pali anthu odzipereka amene amakonza zipupa za lingalo Loweruka lililonse, ndipo poti galimoto sifika pamwamba, aliyense wokaona malowo amanyamulako thumba limodzi. Palibe amakakamiza munthu. Koma kudutsa pamuluwo chimanjamanja, ana aang'ono akukoka timatumba tawo, ndi manyazi omwe munthu wa kuno sangawasenze.

Hermina anawerama kuti atenge lake.

"Mamka, inu musagwire," anatero Dusan. "Thumbalo ndi lomwe lingakunyamuleni."

"Ndinkasenza mbatata m'minda ya boma iwe usanadziwe kupukuta mamina."

"Chabwino, tiyeni tipangane." Dusan anakweza mawu kuti banja lina lomwe linkamanga nsapato pambali limve. "Mukafika nalo pamwamba osapatsira munthu, nkhani ya kosungirako okalamba sindidzaitchulanso mpaka kufa. Mukalephera, pobwerera tidzera komweko mukaone chipinda. Kungoona basi."

"Dusan," anatero Gabika motsitsa mawu.

"Chiyani? Ndi masewera."

Hermina anadziwa kuti si masewera. Anadumpha timatumba ta ana, n'kusankha la akuluakulu, lonyowa ndi mvula ya dzulo lake. Atalikweza paphewa mawondo anapindika okha, ndipo anamva mantha enieni. Sanawaonetse. Anangoti, "Mboni ndi anthu awa," n'kuyamba ulendo.

Poyamba njira inali yabwino, yodzaza masamba ouma ofika m'akakolo. Dusan anali patsogolo akuimba mluzu, thumba lake analipachika pa chala ngati mtolo wa buledi. Gabika ankatsalira m'mbuyo, akupuma mwaphuma, dzanja limodzi pathumba, lina pafoni.

"Ukuyembekezera ndani pafonipo, chibwenzi?" anafunsa Hermina osacheuka. "Usavutike, palibe angakuimbire."

"Ndikuona nthawi, Mama."

"Ona njira. Ukagwa iweyo ugudubuzika mpaka kugalimoto, ndipo palibe mtengo ungakuimitse."

Gabika anapitiriza kukwera. Anazolowera. Anali mayi wa zaka zoposa makumi asanu, wogwira ntchito kukhitchini ya sukulu, koma pamaso pa mayi ake ankabwerera kukhala kamtsikana kodikira kuuzidwa chomwe kalakwa.

Chapakati pa phiri pali kasupe, mtanda wachitsulo ndi benchi. Dusan anafika pamenepo n'kudziponya pansi, n'kuyamba kutulutsa za m'chikwama: buledi, nyama ya nkhumba yofutsa, anyezi, ndi kabotolo ka kachasu wa mapulamu.

"Apa ndiye pabwino," anatero. "Khalani, Mamka. Mwayesetsa, palibe angakusekeni. Kumwambako kulibe kanthu, miyala yokhayokha. Tidye, tiwothere dzuwa, masana tizibwerera."

"Zoona, Mama, khalani," anawonjezera Gabika mwachangu. "Milomo yanu yasintha mtundu."

Benchilo linkamuitana Hermina ndi dzina. Phewa linali litachita dzanzi, madzi a mchenga akutsikira kumsana, ndipo m'chifuwa munkamveka kaphokoso kachilendo. Koma anaona momwe awiriwo anayang'anirana, kuyang'anana kwa anthu omwe nkhuku yawo yalowa m'khola. Anamwa madzi a pakasupe ali chiimire, thumba lili paphewa. Ndipo pocheuka anaona kuti Gabika alibe kanthu m'manja.

"Thumba lako lili kuti?"

"Ndalisiya apo, Mama. Wina alitenga."

"Wina alitenga!" Hermina anatembenukira gulu la anthu ovala zikwama kumsana omwe ankadutsa. "Taonani, anthuni, mwana wanga uyu. Thumba walibisa kuseri kwa mtengo. Nyama zake zokha akuti zamukwana kusenza. Ndinabereka ine chimenechi, mukhulupirire."

Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. Gabika nkhope inafiira mpaka m'khosi. Anabwerera, anakatenga thumba lija, ndipo pobwera nalo m'maso mwake munali mouma. Hermina akanakhala munthu woyang'ana mwana wake kumaso, akanaona kuti kuuma kumeneko n'kwatsopano.

Kuchokera pakasupe njira imaima chilili. Masamba amatha, pamatsala miyala yosalala ndi mizu. Hermina anasiya kuyankhula, osati chifukwa mawu anamuthera, koma mpweya. Ankasankha mtengo umodzi kutsogolo, n'kudziuza kuti akafika pamenepo amwalira, ndipo akafika ankasankha wina. Mumtima ankakalipira Alojz chifukwa chofa msanga n'kumusiyira nyumba ya masitepe. Ankaganiza za khitchini yake, za mbaula yomwe imafuna kuikankha ndi bondo kuti chitseko chitsekeke, za bedi lomwe linadziwa msana wake. Zimenezo ndizo anali atasenza, osati mchenga wa anthu okonza linga.

Dusan mluzu unali utatha. Anayamba kuyenda pambali pake.

"Mamka, zakwana. Ndimangocheza ine. Bweretsani thumbalo."

"Chotsa dzanja."

"Mufera pano, ndiye anthu adzati ndakuphani ndine."

"Adzanena zoona kamodzi."

Kagawo komaliza anakwera chokwawa. Thumba analikoka ndi dzanja limodzi, lina likugwira mizu, masokosi atang'ambika, bondo likutuluka magazi. Ana omwe ankatsika anaima n'kumamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako mwadzidzidzi thambo linatseguka, ndipo anapezeka ali pachipata cha miyala, fungo la laimu ndi utsi wa soseji zili m'mphuno.

M'bwalo la lingalo munali anthu ambiri, ena akusakaniza matope, ena akupatsirana miyala. Bambo wina wa ndevu zaimvi, amene ankaoneka kuti ndiye mkulu wa ntchitoyo, anaponya fosholo pansi n'kuthamanga.

"Teta! Mwakwera nalo nokha limeneli?" Anamutchula momwe timatchulira mayi aliyense wachikulire. "Anyamata, siyani kaye, bwerani mudzaone!"

Anafuna kumulandira, koma Hermina anakana. Anadzuka, anayenda yekha mpaka pamulu wa mchenga, anamasula thumba n'kukhuthula. Wina anaimba kabelu komwe kanapachikidwa pamtengo, anthu onse anawomba m'manja, ndipo wandevu uja anamupatsa katambula ka kachasu. Hermina anagugudiza kamodzi. Chimwemwe chomwe anamva panthawiyo sanachimvepo ngakhale tsiku la ukwati wake.

"Dusan!" anaitana. "Bwera kuno, mkamwini. Nena pamaso pa anthu zomwe unalonjeza."

Dusan anakanda m'khosi. "Ndinati sindidzatchulanso."

"Kutchula chiyani? Kweza mawu, m'basi muja umakuwa."

"Za kosungirako okalamba."

"Mwamva nonse. Amafuna akanditsekere ndi nkhalamba zodontha dovu. Ine! Uyu wafika thukuta lili kamukamu ngati nkhumba yopita kokaphedwa, uyo mkazi wake sanafike n'komwe."

Gabika anali akulowa kumene pachipata. Anatula thumba lake pamulu popanda womuombera m'manja.

"Teta, munthu ngati inu sangabwerere pano osakwera nsanja," anatero wandevu. "Masitepe tamaliza chaka chino, ndipo mitengo ya mbali iyo tinadula. Mumachokera kuti?"

"Ku Brestovec."

"Ndiye mwachita mwayi! Pamwambapo Brestovec yense ali m'manja mwanu. Mabwana aja sanali opusa, anamanga poti aziona mpaka m'miphika ya anthu awo."

Gabika anayang'ana mwamuna wake. Dusan anayang'ana nsanja, kenako mbali yomwe kunali mitengo kale, komwe tsopano kunali zitsa zokhazokha.

"Mama, ayi," anatero Gabika. "Mwatopa. Masitepewo ndi ambiri. Tiyeni tikhale apa tidye."

"Zoona, Mamka, mwawina kale. Mufunanso chiyani?"

Awiriwo akanakhala chete mwina Hermina akanakhala pansi, poti miyendo inali ikunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa. Koma kumuuza Hermina kuti watopa kunali kumukankha. Anagwira chitsulo cha masitepe n'kuyamba kukwera, wandevu patsogolo, awiri aja m'mbuyo ngati operekeza maliro.

Pamwamba panali mphepo. Dziko lonse linali pansi: minda yolimidwa, mtsinje, njanji, ndipo pafupi kwambiri, patsinde penipeni pa phirilo, madenga ofiira a Brestovec. Hermina anapeza tchalitchi, anatsata msewu ndi maso kudutsa sitolo, mpaka kumapeto komwe kuli nyumba yake. Panali utsi. Panalinso chinthu chachikulu choyera chitaima pageti.

"Tengani awa, timaonera mbalame," anatero wandevu, akumuveka m'khosi magalasi oonera patali. "Pezani nyumba yanu, muone ngati nkhuku zili bwino." Pansi wina anamuitana za matope, ndipo anatsika akuseka.

Hermina anavutika kaye, akuona thambo, kenako nthambi. Kenako bwalo lake linadumphira m'maso mwake, pafupi ngati angaligwire.

Choyera chija chinali lole. Mawindo onse a nyumba anali otsegula, makatani atachotsedwa. Kabati yake ya magalasi inali panja, itagonekedwa chammbali pa kapinga. Amuna awiri osawadziwa ankatulutsa bedi. Pawindo la kuchipinda mkazi wa Vendel ankaponya zinthu pansi, mtolo ndi mtolo, osayang'ana n'komwe kuti n'chiyani. Pakati pa munda, pomwe panali kabichi, pankayaka moto waukulu, ndipo wina anali ataponyapo zofunda zake za nthenga, zomwe anasosola yekha nyengo zachisanu zambirimbiri. Mnansi uja wa pawindo ankatuluka pageti atakwapatira tsekwe m'khwapa.

"Akuba," anatero Hermina. "Gabika, imbira apolisi. Imbira Vendel. Kwathu kwalowa akuba."

Anasuntha magalasi pang'ono, ndipo anamuona. Vendel anaima pafupi ndi moto, atavala jekete lake lofiira, ali ndi foloko ya manyowa m'manja, akutembenuza zofunda kuti zipse bwino. Anabaya folokoyo pansi, anapukuta manja pa thalauza, n'kutulutsa foni m'thumba.

Foni ya Gabika inalira.

Gabika anaiyang'ana kanthawi. Kenako anaiyankha, anatsegula kuti mawu amveke kwa onse, n'kuigwira pafupi ndi khutu la mayi ake.

"Gabi, zili bwanji?" Mawu a Vendel anamveka bwinobwino, ansangala. "Agonja agogowo? Kuno tatsala ndi kuchipinda chapansi basi, mabotolo a zipatso alipo ngati a sitolo, tikungotaya. Musabwere nawo kuno, mwamva? Pitani nawo komweko, sutikesi yawo ndasiya kale. Akalira alira, mawa aiwala. Gabi? Ukundimva?"

M'magalasimo Hermina ankaona pakamwa pa mwana wake pakuyenda. Anaona akuchotsa foni kukhutu, akuiyang'ana, akukweza mapewa, n'kutolanso foloko ija.

Hermina anatsitsa magalasi pang'onopang'ono. Ndipo poti mtima wa munthu susintha pa tsiku limodzi, anatembenukira Gabika.

"Wamuchita chiyani mwana wanga? Ndiwe. Wamunyengerera ndiwe, ndi chimwamuna chakochi. Vendel payekha sangachite zimenezi."

"Anagulitsa nyumbayo nthawi ya Pasaka, Mama," anatero Gabika. Mawu ake anali osalala, osanjenjemera. "Kwa anthu a mumzinda wa Bratislava, oti azidzapumulako Loweruka. Akulowa sabata yamawa. Ine sanandifunse. Andifunsa bwanji, nyumba ndi yanga? Munamupatsa nokha. Ine ntchito yanga inali yomweyi ya masiku onse, kukunyamulani n'kukuchotsani panjira."

"Wabodza."

"Ndinalira sabata yathunthu, mukudziwa? Ndinamupempha kuti adikire mpaka mutamwalira. Lero m'mawa m'galimoto ndimafuna kukuuzani, mtima umandipweteka. Mpaka pakasupe paja ndimakumveranibe chisoni." Anaika foni m'thumba la jekete. "Panopa ndikufufuza mumtimamu, sindikuchipeza."

"Ukanandiuza ndikanakhala pakhomo. Akanandinyamula ndi mpando womwe."

"N'chifukwa chake sitinakuuzeni."

Hermina anatembenukira Dusan, poti munthu akamamira sasankha chogwira. "Iwe unalonjeza. Pamaso pa anthu."

Dusan anatambasula manja. Manyazi anali nawo, koma nthabwala inamufika pakamwa ndipo sanathe kuimeza. "Ndinalonjeza kuti sinditchula, Mamka. Sinditchula. Ndingoyendetsa galimoto."

Hermina anafuna kumulavulira, koma m'kamwa munali mouma. Anavula magalasi aja, anawaika bwinobwino pakhoma poti anali a eni, n'kulunjika kumasitepe. Maganizo ake anali amodzi: atsike, adutse m'nkhalango, akaime pakhomo pake, aone ngati Vendel angaponye chinthu china pamoto mayi ake akumuyang'ana. Anatsika sitepe yoyamba, yachiwiri. Pa yachitatu miyendo inangopinda. Sanagwe moopsa. Anakhala pansi ngati thumba, ndipo atayesa kudzuka, miyendo yonse inali itafa. Mphamvu zonse zomwe anali nazo anazikhuthula pamulu wa mchenga uja.

Anayesanso, akukoka chitsulo ndi manja onse awiri. Anthu omwe ankafuna kukwera anaima m'munsi akudikira. Gabika anaima m'mwamba, manja m'matumba.

"Dusan, kaitane anthu," anatero. "Uwauze kuti mayi alephera."

Anamutsitsa amuna awiri, wina m'khwapa wina m'miyendo, siketi itakwinyikira m'chiuno pamaso pa bwalo lomwe lija linamuombera m'manja. Machila a odwala kulibe kumeneko. Anabweretsa omwe amanyamulira miyala, matabwa okhomedwa pa mitengo iwiri, oyera ndi laimu. Wina anayalapo jekete. Anamugoneka, n'kumumanga ndi lamba pamimba kuti asagwe potsetsereka.

"Musadandaule, teta," anatero wandevu uja akugwira kutsogolo. Sankadziwa kanthu, ankangoona nkhalamba yolimba mtima yomwe yadzipanikiza. "Mabwana a linga lino ankatsika chonchi, atanyamulidwa. Lero mfumukazi ndinu."

Anthu anaseka mokoma mtima, ena anaombanso m'manja. Dusan anatulutsa foni n'kujambula, kuti Vendel adzaone, ndiponso kuti aliyense wofunsa chifukwa chomwe anawapititsira amayi kumalo kuja adzaonetsedwe. Hermina anatseka maso. Kutukwana kunali kutamuthera, ndipo popanda kutukwana sankadziwa kuti munthu amatani.

Kunja kwa chipata, pansi pang'ono, njira imagawikana. Yakumanzere ndi ija anakwerera, yopita koimika magalimoto. Yakumanja ndi kanjira ka mbuzi, kotsetsereka, kotsikira ku Brestovec. Mphepo inkakwera ndi kanjira kameneko, ndipo wogwira kumbuyo anakwinya mphuno.

"Wina akuwotcha nthenga kumusiku," anatero. "Anthu ena alibe chisoni ndi anzawo, Loweruka labwino ngati lino."

Wandevu anaima pamphambano, anakonza mitengo m'manja, n'kucheuka.

"Teta, paja munati kwanu ndi ku Brestovec? Njira iyi ndi yoipa koma ndi yaifupi, ife tinaizolowera. Mukafuna tikakutulani pakhomo penipeni, pabedi panu, ana anuwa azungulire ndi galimoto. Mukuti bwanji, tikuperekezeni kwanu?"

Hermina anatsegula maso. Pamwamba pake panali nthambi zopanda masamba ndi nkhope ya munthu wachilendo yodikira yankho. Anatsegula pakamwa, milomo inayenda, koma sipanatuluke kanthu.

"Kumanzere," anatero Gabika.

Amuna aja anakweza machila n'kukhotera kumanzere.